Kamba Wopanda Miyendo

Bambo anga Tawit sanawapondepo malowo.
Anawaona papepala pokha:
kabokosi ka inki, nambala pakati
ngati chizindikiro chootchera pa ng'ombe.
Maekala mazana asanu ndi limodzi, anatero womasulira,
mphoto ya boma kwa msilikali wa Chioneida
amene anasenza chimanga m'chipale chofika m'maondo
kukadyetsa ankhondo a azungu
atatsala nthiti zokhazokha.

Chipolopolo cha nkhondoyo chinali chikadali m'ntchafu mwawo.
Mvula ikamabwera, chinkayamba ndicho kulankhula.

Ine ndinafunsa, ali kuti malowo?
Kumadzulo, akuti, pafupi ndi nyanja yowonda ija.
Apo mayi analeka kutongola chimanga.
Kumeneko ndi kwa Akayuga, anatero,
kumene nkhwangwa zinagwetsa mitengo ya mapichesi
chaka chija cha utsi.
Akufunditsani bulangete la m'bale wanu
mwini wake akunjenjemera ku Niagara.

Bambo anangoti zii,
maso pa nkhuni yosafuna kuyaka.

Chisanu chinafika msanga chaka chimenecho.
Denga lathu linali la makungwa obwereka,
Lasal, mlongo wanga, akutsokomola usiku wonse,
ndipo m'buku la ngongole la Jacobus Wendover
dzina la bambo linali litadzaza masamba awiri:
mchere, wonga, ufa, singano,
mchere kachiwiri.

Anabwera yekha, pa kavalo wotuwa,
nasasa chipale pakhomo mwaulemu ndithu.
Sanakalipe. Ndikadakonda akadakalipa.
Anayala pepala, nawerenga ndalama pang'onopang'ono
kuti kulira kwake kumveke:
mapaundi khumi ndi awiri,
ngongole kufafanizidwa,
ndi chishalo chatsopano chonunkha chikopa.
Kavalo tinalibe.

Bambo anagwira nthenga ngati akugwira muvi wa eni.
Anayamba kujambula kamba wa fuko lawo,
yemwe uja asenza dziko lonse pamsana.
Chigoba anamaliza. Mutu anamaliza.
Wendover anawagwira dzanja akumwetulira:
ayi, mkulu wanga, kamtanda kokha kakwanira.
Kamba anatsala choncho, wopanda miyendo,
kamtanda pambali pake ngati pamanda.

Kwathu nthaka ndi nkhani ya akazi.
Ife ndife timabzala chimanga, nyemba ndi maungu paphando limodzi,
ife ndife timadziwa munda wotopa.
Mayi anali chiimire pomwepo, mikono iwiri kuchokera patebulo.
Palibe anawafunsa.

Lasal sanaone masamba akuphuka.
Ndalama zinatha mapulo asanayambe kudontha madzi ake otsekemera.

Papita zaka makumi awiri ndi zitatu.
Chilimwe chathachi ndinadutsako ndi madengu anga amalonda,
ndinafunsafunsa nambala ija mpaka ndinaipeza.
Tirigu, tirigu mpaka kumene maso alekeza.
Mpanda wa mitengo yong'amba, chigayo chamadzi,
nkhumba zonenepa kuposa ana a kwathu.
Akuti malowo agulitsidwa kanayi,
ndipo wachinayiyo sadziwa n'komwe kuti kunali Tawit.
Si munthu woipa. Anandipatsa madzi.
Kamwana kake kanandifunsa ngati ndasochera.

Ndinafuna kunena kuti pano mpathu,
koma lilime linakana,
pakuti kuseri kwa khola, pa chitsa chakale chakuda,
panali pataphuka mphukira ya pichesi,
ndipo sindife tinaubzala mtengowo.

Ndinagulitsa dengu limodzi. Ndinabwerera.

Bambo tinawaika ndi chipolopolo chawo;
ndicho chokha cha nkhondo ija chimene sanawagule.
Chishalo chili pamtanda wa denga mpaka lero,
mbewa zinadya zingwe zake.
Adzukulu anga amachitsitsa, nachiika pa chipika,
n'kumathamanga osasuntha,
akufuula kuti akupita kumadzulo.

Nthawi zina ndimaganiza za pepala lija
m'kabati ina ku Albany, mumdima,
ndi kamba uja ali chigonere,
dziko lonse pamsana,
akudikira wina abwere ndi inki.